Mivi ndi mikondo ya makolo: luso lomwe lidabala mankhwala a mtima

Mivi ya bango yomwe alenje a m'chigwa cha Shire ankasakira nyama zaka zoposa 160 zapitazo ndi yomwe idatsegula njira yopezera mankhwala a matenda a mtima omwe madokotala a ku Ulaya adathandizira odwala kwa zaka zambiri.

Ngakhale zili chomwechi, amisiri odziwa kuwongola bango, kusema luti la mkondo ndi kunola fupa akunka nachepa m'midzi ya dziko lino. Zambiri mwa zida zomwe makolo adasiya zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, apo ayi zimangooneka pa magule ndi pa miyambo ya mafumu.

Nkhani ya zidazi ikukhudza adindo ndi ogwira ntchito m'boma kaamba koti pali malamulo atatu omwe amakumana pa muvi umodzi. Awa ndi lamulo loteteza nyama zakutchire, loteteza zinthu zakale, ndi loteteza zachilengedwe pamodzi ndi nzeru za makolo. Kuti malamulowa agwire ntchito moyenera, mpofunika kudziwa kaye momwe zidazi zinkapangidwira komanso nzeru zomwe zili m'kati mwake.

Chitsulo chisadafike

Akatswiri ofukula zinthu zakale amati luso losungunula chitsulo lidafika m'dera lomwe lero ndi Malawi zaka zoposa 1,500 zapitazo, pamodzi ndi anthu olima ndi kuumba mbiya. Izi zisadachitike, kuno kunkakhala alenje omwe mbiri ya Achewa imawatcha Akafula kapena Abatwa, ndipo zida zawo zidali za mtengo, mwala ndi fupa.

Zizindikiro za moyo wa anthuwa zidapezeka m'mapanga monga la Fingira ku Nyika, la paphiri la Hora ku Mzimba ndi la Chencherere m'boma la Dedza, lomwe katswiri wina, J. Desmond Clark, adafukula m'chaka cha 1972. Phanga la Chencherere lili m'dera la Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala. Bungwe la UNESCO lidaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006.

M'mapanga otere mumapezeka timiyala tosongoka ndi mafupa onoledwa, koma mtengo ndi bango sizipezeka kawirikawiri chifukwa zimaola msanga kapena kudyedwa ndi chiswe. Umboni wooneka bwino udapezeka ku Zambia, pa akasupe a madzi otentha a Gwisho kufupi ndi mtsinje wa Kafue, komwe nthaka yonyowa idasunga zidutswa za mauta ndi mitu ya mivi ya mtengo ndi ya fupa kwa zaka zoposa 4,000.

Popanga mutu wa fupa, mmisiri ankasankha fupa lalitali la mwendo wa nyama, nkuling'amba m'litali mwake, kenaka nkulinola pamwala mpaka litasongoka. Ubwino wa fupa ndi woti silifuna ng'anjo kapena mvukuto, ndi lopepuka ndipo silichita dzimbiri. Anthu a mtundu wa San a m'chipululu cha Kalahari, ku Botswana ndi Namibia, adapitiriza kupanga mitu ya mivi kuchokera ku fupa la nthiwatiwa kapena kadyamsonga kufikira m'zaka za m'ma 1900 pomwe waya adayamba kulowa m'malo mwake.

Kuno kwathu, chitsulo chitafika osula adayamba kupanga mitu ya mivi ndi mikondo pachipala. Komabe chomwe chidasintha ndi nsonga yokha. Mbali zina zonse zidakhalabe za bango, nsungwi, mtengo, nthenga, luzi ndi mitsempha ya nyama.

Kapangidwe ka muvi

Buku la David ndi Charles Livingstone lofotokoza za ulendo wawo wa mumtsinje wa Zambezi ndi mitsinje yothira m'menemo, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1865, lidalongosola bwino muvi wa alenje a m'dera la Shire. Malinga ndi bukuli, muviwu udali ndi zigawo ziwiri zolowetsana.

Kutsogolo kudali mutu wachitsulo wokhala ndi ngowe. Mutuwu unkalumikizidwa molimba ku kamtengo kotalika masentimita 25 mpaka 30. Kamtengoka kankasemedwa mosongoka mbali inayo ndipo kankangolowetsedwa m'chibowo cha bango popanda kumangidwa. Ulembe, womwe ndi mankhwala akupha opaka pamuvi, unkamatidwa pakamtengo paja, m'munsi penipeni mwa chitsulo.

Munthu wosadziwa atha kuganiza kuti kusamanga kamtengoko kudali kulephera kwa mmisiri, chonsecho apa ndi pomwe padagona luso. Nyama ikalasidwa imathamangira m'tchire. Muvi ukadakhala chinthu chimodzi, bango likadakodwa m'zitsamba nkuzula mutu wonse ulembe usadalowe m'magazi. Koma poti zigawozo zidali zongolowetsana, bango linkagwa lokha, pomwe chitsulo ndi kamtengo ka ulembe zinkatsalira m'thupi mwa nyamayo.

Bango lija likagwa linkathandizanso mlenje kudziwa pomwe nyama yadzera, ndipo ankatha kulitola nkuikapo mutu wina. Mitu ya mivi ya ku Gwisho komanso ya anthu a San idali yolumikizidwa mwa njira yofananayo, zomwe zikusonyeza kuti nzeruyi ndi yakale kuposa chitsulo.

Chigawo chilichonse chidali ndi ntchito yake. Bango ndi lopepuka, choncho muvi umauluka patali, koma palokha ndi lofooka ndipo limang'ambika likagunda chinthu cholimba. Kamtengo ka kutsogolo ndi komwe kamalandira mphamvu ya kugundako, komanso kamalemeretsa mbali ya kutsogolo kuti muvi usatembenuke uli m'malere. Nthenga za kumbuyo zimaugwira kuti uyende mowongoka.

Kukonza bango lenilenilo kunkafuna kudekha. Linkadulidwa litakhwima, nkuumitsidwa, kenaka mmisiri ankaliwamba pamoto pang'onopang'ono uku akuliwongola ndi manja ndi kulisuzumira ndi diso limodzi. Kumbuyo kwake ankatema kamphanda kolowa nsinga ya uta. Pofuna kuti lisang'ambike, ankakulunga mbali zonse ziwiri ndi mtsempha wonyowa, womwe ukamauma umafupika ndi kumanga molimba kuposa chingwe wamba.

Mivi idalipo ya mitundumitundu malinga ndi ntchito yake. Yophera mbalame inkakhala ndi mutu wa mtengo wobuntha, kuti igwetse mbalame popanda kuononga nyama yake komanso kuti muvi usakanirire m'mwamba mwa mtengo. Bukulo lidanenanso za mitu ing'onoing'ono ya mtengo yomwe apaulendowo adaiona kunyanja ya Malawi, yopakidwa ulembe wa mtundu wina ndi kukutidwa ndi tsamba la chimanga.

Uta nawo unkasemedwa kuchokera ku mtengo wolimba koma wolola kupindika, wonenepa pakati ndi wowonda kunsonga zake, ndipo nsinga yake inkapotedwa kuchokera ku chikopa kapena mitsempha. Mivi inkanyamulidwa m'phodo. Kufunika kwa chidachi m'moyo wa makolo kukuonekera m'chiyankhulo momwe, pakuti mawu oti utawaleza amatanthauza uta wa Leza.

Nsungwi ndi mkondo

Nsungwi zomwe zimamera m'madera ambiri a dziko lino, zomwe akatswiri a zomera amazitcha Oxytenanthera abyssinica, zili ndi khoma lochindikala ndipo zina sizikhala ndi chibowo chenicheni m'kati. Ichi nchifukwa chake zimakhala zoyenera pa luti la mkondo ndi nthungo zobayira nsomba monga milamba m'madambo. Nsungwi ikang'ambidwa, m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa ngati lumo kaamba ka kulimba kwa khungu lake.

Kutali ndi kuno, anthu a kumapiri a dziko la Papua New Guinea adafika patali ndi khalidwe la nsungwili. Kumeneko mutu wa muvi wophera nkhumba umakhala mpeni wotambalala wa nsungwi yokhayokha, mivi ina imasemedwa kuchokera ku mtengo wolimba wa mtundu wa kanjedza ndi kuvekedwa fupa la mbalame yaikulu yotchedwa cassowary, ndipo siyikhala ndi nthenga. Izi zikuonetsa kuti mtundu uliwonse wa anthu udapanga zida zake molingana ndi zomera ndi nyama za kwawo.

M'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nalo, mikondo nayo idali yosiyanasiyana. Wosavuta kupanga udali ndodo yosongoledwa ndi kuwambidwa pamoto kuti nsonga yake iume ndi kulimba. Woponya unkakhala ndi luti lalitali ndi lowonda, pomwe wobayira pafupi unkakhala wolemera.

Alenje a mvuu a mumtsinje wa Zambezi, otchedwa Aphodzo, adali ndi mkondo wotsatira nzeru yomwe ija ya muvi. Mutu wake wa ngowe unkangolowetsedwa pa luti, koma udali womangidwa ku chingwe chachitali cha luzi chomwe chinkazengedwa pa lutilo. Mvuu ikabayidwa nkumira, mutu unkatsala m'thupi mwake, chingwe chinkamasuka, ndipo luti linkayandama pamadzi kusonyeza alenje a m'bwato pomwe nyamayo ili.

Kusintha kwakukulu pa zida za nkhondo kudadza ndi Angoni. Gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi m'mwezi wa November chaka cha 1835, tsiku lomwe kudachitika kadamsana, ndipo Angoni a Maseko adadzera njira yawo nkudzakhazikika ku Ntcheu ndi Dedza. Iwo adabwera ndi mkondo waufupi wobayira pafupi ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe. Mivi ya bango siinkaphula kanthu kwenikweni pa zishango zotere, motero midzi yambiri idamanga malinga kapena kusamukira kumapiri.

Lero mkondo ndi chishango ndi chizindikiro cha ulemu pa gule wa ingoma komanso pa miyambo monga Umthetho ku Mzimba, Umhlangano ku Ntcheu ndi Nc'wala kufupi ndi Chipata m'dziko la Zambia.

Ulembe wa kombe

Muvi wa bango, pokhala wopepuka, sungagwetse njati kapena mbidzi ndi mphamvu yake yokha. Chomwe chinkagwetsa nyama zotere ndi ulembe. M'chigwa cha Shire, Amang'anja ankaupanga kuchokera ku nthanga za kombe, chomera choyanga m'mitengo ikuluikulu, chomwe chimabala zikhokhombe ziwiriziwiri zazitali zokhala ndi nthanga za ubweya kunsonga.

Mankhwala a m'nthangazi akalowa m'magazi amakafika ku mnofu wa mtima. Akakhala ochepa kwambiri amachititsa mtima kugunda mwamphamvu koma modekha. Akachuluka, kagundidwe kake kamasokonezeka mpaka mtimawo kuima.

Mlenje akalasa nyama sankaithamangitsa. Ankailondola modekha mpaka itagwa, kenaka nkucheka ndi kutaya mnofu wozungulira bala, ndipo nyama yotsalayo inkadyedwa. Sayansi idadzatsimikiza pambuyo pake kuti mankhwalawa salowa msanga m'thupi kudzera m'mimba monga momwe amachitira kudzera pabala, ngakhale nthanga zenizenizo ndi zoopsa kwa aliyense wozidya.

Alenjewa ankadziwanso malire a chida chawo. Ulembe wa pamuvi umodzi sunkakwanira kupha njovu kapena mvuu, choncho nyama izi ankazitchera mkondo womangiriridwa ku chipika cholemera ndi kupachikidwa m'mwamba panjira yomwe zimadutsa.

Kuchokera ku Shire kukafika ku Ulaya

Paulendo wa Livingstone wa chaka cha 1858 mpaka 1864 padali dokotala komanso katswiri wa zomera wa ku Scotland, John Kirk, yemwe adafika mumtsinje wa Shire m'chaka cha 1859. Iye adachita chidwi ndi ulembe wa kombe ndipo adasunga pang'ono m'thumba momwe mudalinso mswachi wake.

Tsiku lina potsuka mkamwa adamva kuwawa, ndipo posakhalitsa kugunda kwa mtima wake, komwe kudali kokwera kaamba ka chimfine, kudatsika. Apa adazindikira kuti kombe amagwira mtima. Zitsanzo za chomerachi zidatumizidwa ku Britain, ndipo m'chaka cha 1871 katswiri wa kumunda wa zomera wa Kew, Daniel Oliver, adachipatsa dzina loti Strophanthus kombe. Motero dzina lomwe Amang'anja adapereka lidalowa m'mabuku a sayansi ndipo lilipobe mpaka lero.

Yemwe adafufuza mozama ndi Thomas Fraser wa pa sukulu yaukachenjede ya Edinburgh. Iye adapatula mankhwala enieni a m'nthangazo, nkuwatcha strophanthin, ndipo m'chaka cha 1885 adafotokozera madokotala anzake kuti amathandiza odwala omwe mtima wawo wafooka. M'zaka zomwezo kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kugulitsa mankhwala a madzi opangidwa kuchokera ku kombe.

Mmodzi mwa omwe ankatumiza nthangazi kunja ndi John Buchanan, yemwe adabwera ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 ndipo pambuyo pake adatsegula minda ku Zomba. Kombe adakhala imodzi mwa katundu yemwe dziko lino linkagulitsa kunja pa nthawi ya atsamunda. Ku Germany, dokotala wina, Albert Fraenkel, adalengeza m'chaka cha 1906 njira yoperekera strophanthin kudzera mumtsempha, ndipo mankhwala ena otchuka a kumeneko adatchedwa Kombetin potengera dzina lomwelo. Masiku ano mankhwalawa adalowedwa m'malo ndi ena atsopano.

Pa zonsezi, eni nzeru adatsala ngati otola nthanga m'nkhalango ndi kugulitsa kwa amalonda, pomwe ulemu wa kafukufuku ndi phindu lalikulu zidapita kunja. Pa nthawiyo padalibe lamulo lokakamiza wofufuza kupempha chilolezo kwa eni dera kapena kugawana nawo phindu.

Chomwe chidazilalitsa lusoli

Zifukwa zomwe zidachititsa kuti uta ndi mkondo zichoke m'manja mwa anthu ndi zingapo. Choyamba ndi mfuti za gogodela zomwe zidafika ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800.

Chachiwiri ndi malamulo a boma la atsamunda, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1891. Pofika chaka cha 1897 dambo la Elephant Marsh lidaikidwa kukhala malo otetezera nyama, ndipo Lengwe ku Chikwawa adatsatira m'chaka cha 1928 asadasanduke paki m'chaka cha 1970. Uzimba, womwe udali sukulu yophunzirirapo anyamata kulasa ndi kulondola nyama, udayamba kuchepa.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa anthu komwe kudasandutsa nkhalango zambiri kukhala minda. Nyama zitatha m'midzi, mnyamata adalibenso chifukwa chokhalira pansi ndi agogo ake kuphunzira kuwongola bango. Luso lotere silidalembedwe m'mabuku ndi eni ake, choncho mmisiri akamwalira asadaphunzitse wina limapita naye kumanda.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo la National Parks and Wildlife Act la chaka cha 1992, lomwe lidakonzedwanso m'chaka cha 2017, limaletsa kulowa m'malo otetezedwa ndi chida, msampha kapena mankhwala akupha popanda chilolezo, komanso kupha nyama zotetezedwa popanda chiphaso. Chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere chimafika zaka 30 m'ndende. Izi zikutanthauza kuti kusunga luso lopanga mivi sikupereka ufulu wokasakira nyama ku Lengwe, Majete kapena Mwabvi.

Pa chifukwa chomwechi, adindo akuyenera kusiyanitsa mkondo wa gule ndi mkondo wa wopha nyama mozemba. Amisiri opanga zida zovinira kapena zogulitsa kwa alendo nawo akuyenera kuuzidwa kuti asagwiritse ntchito mnyanga, fupa, chikopa kapena nthenga za nyama ndi mbalame zotetezedwa.

Lamulo lachiwiri ndi la Monuments and Relics Act, lomwe limati wopeza zinthu zakale adziwitse boma, ndipo limaletsa kufukula kapena kutulutsa zinthuzi m'dziko popanda chilolezo. Apa udindo waukulu uli m'manja mwa mabwanamkubwa, mafumu, apolisi ndi ogwira ntchito m'zipata za dziko lino, komanso oyang'anira ntchito zomanga misewu ndi madamu omwe amakumba nthaka. Fupa losongoka likachotsedwa pamalo pake mwachisawawa, akatswiri sangathenso kudziwa zaka zake.

Zida zopezeka motere malo ake ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya Chichiri ku Blantyre, ya ku Mzuzu, ya ku Mangochi ndi ya ku Karonga yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2004. Wogwira mivi yakale asamale chifukwa ulembe umakhalabe ndi mphamvu ngakhale papite zaka zambiri.

Mbali yachitatu ndi yomwe ikuyankha nkhani ya kombe. Pangano la maiko la Nagoya, lomwe lidavomerezedwa ku Japan m'chaka cha 2010 nkuyamba kugwira ntchito m'chaka cha 2014, limati wofuna kugwiritsa ntchito zomera za dziko lina kapena nzeru za makolo zokhudza zomerazo ayambe wapempha chilolezo, ndipo agwirizane ndi eni ake za kagawidwe ka phindu. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli m'chaka cha 2014, ndipo lamulo la Environment Management Act la chaka cha 2017 lili ndi ndime zokhudza nkhaniyi.

Panganoli silibweza zomwe zidatengedwa kale, koma limapereka mphamvu kwa mkulu wa boma kapena mfumu kufunsa chikalata cha chilolezo kwa aliyense wofika m'mudzi kudzatola nthanga, mizu kapena makungwa, ngakhalenso kudzafunsa akuluakulu za ntchito yake.

Njira yosungira lusoli popanda kupha nyama ilipo. Dziko lino lidavomereza pangano la UNESCO loteteza chikhalidwe ndi luso la makolo m'chaka cha 2010, ndipo m'chaka cha 2020 luso lopanga ndi kuimba sansi lidalowa pa mndandanda wa bungweli mogwirizana ndi dziko la Zimbabwe. Ntchito yotere imayamba ndi kalembera wa amisiri omwe alipo m'boma lililonse, kujambula momwe amagwirira ntchito yawo, kulemba mayina a mitengo ndi zigawo za chida chilichonse m'chiyankhulo cha eni ake, ndi kuwapatsa mpata wophunzitsa achinyamata m'sukulu ndi pa miyambo ya chaka ndi chaka.

Akuluakulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Amisiri omwe adaona uzimba ndi maso awo tsopano ndi okalamba, ndipo maofesi a zachikhalidwe, zankhalango ndi zanyama m'maboma ndi omwe ali pafupi nawo kuti awafikire adakali moyo.